Kalata kwa oyendetsa maphunziro: mutu wa kompyuta sabadwa nawo

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu a Malawi Institute of Education ku Domasi, akuluakulu a MANEB ku Zomba, ndi inu nonse amene mumayendetsa maphunziro a kompyuta m'mayunivesite ndi m'makoleji a aphunzitsi,

Ndakupatsani moni nonse, akuluakulu. Ndine mphunzitsi wa Computer Studies pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo Loweruka masana ndimakhala ndi kagulu ka achinyamata amene anamaliza Fomu 4, tikuphunzitsana kulemba mapulogalamu. Lero sindikupempha makompyuta, ngakhale tikuwafuna. Nkhani yanga ndi chigamulo chimene ife aphunzitsi timapereka pa ana a eni ake teremu yoyamba isanathe n'komwe: "Uyu ali ndi mutu wa kompyuta, uyu alibe." Mawu amenewa simungawapeze mu silabasi, koma ndi amene akulamula m'kalasi. Amanenedwa mu staff room pa nthawi ya tiyi, amanenedwa kwa makolo tsiku lotenga malipoti, ndipo mwana akawamva kawiri katatu amayamba kudzinenera yekha.

Taonani mmene kusankhaku kumachitikira. Ana adzaza chipinda, makompyuta oyaka ndi owerengeka. Belu likalira, othamangira mipando ndi anyamata amene anagwirapo laputopu ya achimwene awo, kapena amene anakulira pafupi ndi malo oikitsa nyimbo m'mafoni pa trading centre. Zala zawo zikudziwa kale pamene pali Enter. Ena onse amaima kumbuyo manja ali kumsana, atsikana ambiri akukopera manotsi. Piriyodi ya mphindi 40 ikagawidwa kwa ana 7 pa kompyuta imodzi, aliyense sapeza ngakhale mphindi 6, komatu sigawidwa n'komwe: wokhala pampando sachoka. Mayeso akabwera, amene anali pampando akhoza, amene anaima kumbuyo alakwa, ndipo ife timati, "Mwaona? Ndinanena ine." Timayeza mwayi umene mwana anabwera nawo kuchokera kwawo n'kuutcha nzeru zobadwa nazo.

Chikhulupiriro chimenechi si chathu chokha. M'chaka cha 2006, Saeed Dehnadi ndi Richard Bornat a ku Middlesex University ku London analemba pepala lonena kuti malikisi a ophunzira mapulogalamu amaunjikana pawiri ngati malinunda a ngamila: mulu wa otha ndi mulu wa osatha, ndipo ankati apeza mayeso osiyanitsa magulu awiriwa asanaphunzire chilichonse. Mafunso ake anali onga awa: a ndi 10, b ndi 20, kenako talemba a = b; tsopano a ndi chiyani, b ndi chiyani? Pepalalo silinadutse m'manja mwa akatswiri ena olisanthula monga zimakhalira, koma linafala pa intaneti ngati moto wolusa, chifukwa linauza aphunzitsi zimene ankafuna kumva. Mu 2014 Bornat mwini wake analemba poyera kuti akubweza mawu ake, umboni wake sunali wokwanira kunena zimene ananena. Kubwezako kunamveka kwa ochepa. Mu 2016, Elizabeth Patitsas ndi anzake a ku University of Toronto anasanthula malikisi a makalasi 778 a kompyuta a ku University of British Columbia, ndipo amene anaonetsa milu iwiri sanakwane ndi 6 pa 100 aliwonse. Atatero anaonetsa aphunzitsi a kompyuta zithunzi za malikisi zosaoneka bwinobwino mbali yake. Amene ankakhulupirira kale kuti luso limeneli n'lobadwa nalo ndi amene ankaona malinunda awiri pamene panalibe.

Funso la a = b lija ndimalikonda, chifukwa limaonetsa pamene ana ambiri amapunthwa. Mwana wakhala zaka 8 ku pulayimale akuphunzira kuti chizindikiro cha = chimatanthauza kuti mbali ziwiri n'zofanana. Lero mphunzitsi walemba pa bolodi x = x + 1. Mwana wodziwa masamu ake akuona bodza lamkunkhuniza, ndipo akulondola: m'masamu zimenezo sizingatheke. Mu Python, chimodzi mwa zilankhulo zolembera mapulogalamu, mzerewo ukulamula kuti tenga chimene chili mu x, onjezerapo 1, ubwezere momwemo. Wosokonezekayo si mbutuma. Palibe amene wamuuza kuti chizindikiro chakale chapatsidwa ntchito yatsopano. Kumufotokozera ndi timabokosi ta machesi ndi nyemba kumatenga mphindi zochepa. Kumuweruza kumatenga mphindi imodzi, n'chifukwa chake timasankha kuweruza.

Tsopano za ubongo, popeza ndi umene tikuunamizira. Ku London, munthu wofuna kuyendetsa matakisi akuda aja amayenera kukhoza mayeso otchedwa The Knowledge: kusunga m'mutu misewu pafupifupi 25,000 yozungulira Charing Cross, ndi malo zikwizikwi odziwika. Ambiri zimawatengera zaka 3 kapena 4, akuzungulira mzindawo pa kanjinga kamoto, mapu ali patsogolo. Mu 2000, Eleanor Maguire wa ku University College London anajambula ubongo wa madalaivalawa ndi makina a MRI, napeza kuti mbali ya kumbuyo ya gawo lotchedwa hippocampus, limene limathandiza kukumbukira malo ndi njira, inali yokulirapo kusiyana ndi ya anthu ena. Okayikira anafunsa funso loyenera: nanga bwanji ngati anthu obadwa ndi hippocampus yaikulu ndi amene amasankha ntchito ya takisi? Ndiye Maguire ndi Katherine Woollett anatsatira anthu 79 kuyambira pamene ankayamba maphunzirowo. Poyambapo ubongo wawo sunkasiyana. Zotsatira zinatuluka mu 2011: anthu 39 amene anakhoza, gawo lija linali litakula, amene analephera kapena kusiya, silinasinthe. Ndipo okhozawo ankathera maola ochuluka pa sabata akuphunzira misewu, pafupifupi kuwirikiza kawiri anzawo aja.

Pali zinthu ziwiri m'nkhani imeneyi zimene ndikufuna muzisunge. Anthuwa sanali ana, anali akuluakulu, ambiri a zaka za m'ma 30 ndi 40. Timati m'mera mpoyamba, ndipo n'zoona kuti ubongo wa mwana umasintha msanga, koma chitseko sichitsekeka pa Fomu 2. Mphunzitsi wa Biology amene mwamupatsa Computer Studies chifukwa palibe wina angathe kuphunzira kulemba mapulogalamu ali ndi imvi. Chinanso n'chakuti gulu la Maguire linayerekezanso madalaivala a takisi ndi a mabasi a mu London momwemo. Onse amakhala pa chiwongolero tsiku lonse, utsi ndi phokoso n'zimodzi. Koma wa basi amayenda njira imodzimodzi imene anam'lembera, pamene wa takisi amapeza yekha njira ulendo uliwonse. Kukula kuja kunapezeka mwa a takisi. Mwana amene amakopera pulogalamu pa bolodi n'kuiloweza pokonzekera mayeso tamukweza basi, akuluakulu. Angaikopere chaka chonse, koma sanafunefunepo njira.

Asayansi amati neuroplasticity, kutanthauza kuti ubongo umasintha kapangidwe kake molingana ndi ntchito imene ukupatsidwa. Muli maselo otchedwa ma neuron pafupifupi 86 biliyoni, ndipo lililonse limalumikizana ndi anzake ambirimbiri. Maselo akamagwira ntchito limodzi mobwerezabwereza, polumikizirana pawo pamalimba, uthenga n'kumadutsa mosavuta. Donald Hebb wa ku Canada anaganizira zimenezi mu 1949, ndipo mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anazionetsa mu ubongo wa akalulu. Koma chimene chalimba chimathanso kufooka. Ku Regensburg, m'dziko la Germany, mu 2004, Bogdan Draganski ndi anzake anaphunzitsa anthu kuponya ndi kuwakha timipira titatu nthawi imodzi. Patatha miyezi 3, magawo a ubongo oona zinthu zoyenda anali atakula. Atasiya kuyeserera kwa miyezi ina 3, kukulako kunayamba kubwerera m'mbuyo. Ganizirani tsono za sukulu imene imatsegula labu sabata ziwiri zokha mayeso a practical atayandikira, miyezi ina yonse makompyuta atafunditsidwa nsalu kuopa fumbi, kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi.

Amayi kumudzi amazidziwa izi popanda MRI. Kamtsikana kakayamba kusenza ndowa, madzi amakakhavukira kumaso, theka limathera m'njira. Palibe mayi amene amati mwanayu anabadwa wopanda mutu wosenzera. Amamupatsa kachitini kaye, mawa apitanso ku mjigo, mkuja apitanso, mpaka tsiku lina akuyenda manja ali pansi akucheza ndi anzake. Akanati azingoonerera akulu ake akusenza, iye n'kumalemba manotsi, bwenzi mpaka lero akutaya madzi.

Mwina muti: chabwino, koma mapulogalamu amafuna masamu, ndiye tisankhe okhoza masamu. Apanso pofunika kudekha. Mu 2020, Chantel Prat ndi anzake a ku University of Washington anaphunzitsa Python anthu 36 amene anali asanalembepo pulogalamu. Luso la manambala linafotokoza pafupifupi 2 peresenti yokha ya kusiyana kwa kaphunziridwe kawo. Zimene zinalemera kwambiri ndi kutha kulingalira vuto latsopano, kusunga zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi, ndi luso lophunzira zilankhulo. Chaka chomwecho, Anna Ivanova ndi Evelina Fedorenko a ku yunivesite ya MIT ku America anajambula ubongo wa anthu akuwerenga mapulogalamu, napeza kuti amagwiritsa ntchito kwambiri magawo amene timagwiritsa ntchito pa vuto lililonse lofuna kuganiza mozama. Anthu 36 ndi ochepa, ndipo sindikuti masamu ngopanda ntchito. Wofuna kuzama pa za graphics kapena machine learning adzawafuna ndithu. Koma kutsekera kunja mwana wa Fomu 3 chifukwa cha malikisi a Mathematics a pa JCE kulibe umboni wokuikira kumbuyo. Ndipo tisaiwale kuti mwana wathu wa ku Mangochi kapena ku Karonga amafika ku sekondale akulankhula kale zilankhulo ziwiri kapena zitatu.

Apa ndiye pamene ndikuopa kuti mungandimve molakwika, ndipo ndi chifukwa chenicheni chimene ndalembera kalatayi. Zimene ndanenazi zili ndi dzina lotchuka masiku ano, growth mindset, kuchokera kwa Carol Dweck wa ku Stanford University. Mfundo yake ndi yakuti ophunzira amene amakhulupirira kuti nzeru zimakula amapirira akakumana ndi zovuta, pamene okhulupirira kuti nzeru n'zoikika kale amathawa chilichonse chimene chingawayalutse. Mu 1998, Dweck ndi Claudia Mueller anapatsa ana a zaka pafupifupi 10 mafunso, ena n'kuwayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Otamidwa nzeru aja pambuyo pake ankasankha ntchito zophweka, ankagwa ulesi akalephera, ndipo pafupifupi 4 pa 10 aliwonse ananama za malikisi awo. Nkhani yokoma, ndipo dziko lonse linaithamangira. Ndikudziwa mmene zimayendera kwathu kuno nkhani ikakoma chonchi: msonkhano wa masiku atatu kunyanja, ma alawansi, ma T-shirt, kenako mapepala omatidwa m'makalasi akuti "Ungathe!" Ndalama zatha, lipoti lalembedwa, mwana uja adakaimabe kumbuyo kwa mnzake.

Chonde musachite zimenezo. Umboni wake ndi wocheperapo kusiyana ndi kutchuka kwake. Mu 2018, Victoria Sisk ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri, napeza kuti kuphunzitsa ana maganizo amenewa kumakweza malikisi pang'ono zedi. Ku England, bungwe la Education Endowment Foundation linayesa m'masukulu a pulayimale pafupifupi 100, ana pafupifupi 5,000, ndipo mu 2019 linalengeza kuti ana ophunzitsidwawo sanapose anzawo pa mayeso. Kafukufuku wamkulu woikira kumbuyo mfundoyi ndi wa David Yeager ndi anzake, wa mu 2019 womwemo, wa ophunzira oposa 12,000 m'masukulu 65 a ku America. Ophunzira ofooka anakwera ndi 0.10 pa sikelo yofika 4. Kwa phunziro losakwana ola limodzi la pa kompyuta, si zonyozeka. Koma phindulo linkaoneka makamaka m'masukulu amene anzawo a mwanayo sankaseka munthu wofuna zovuta, ndipo gulu lomwelo linadzapezanso kuti pa masamu linkaoneka pamene mphunzitsi nayenso ankakhulupirira kuti ana angasinthe. Dweck mwini anachenjeza mu 2015 kuti anthu ayamba kungouza ana kuti "limbikira" osawapatsa njira ina yoyesera, ndipo kuti zimenezo si zimene ankatanthauza.

Ndiye vuto lalikulu silili m'mutu mwa mwana, lili m'mutu mwa ife oima kutsogolo. Mary Murphy, Elizabeth Canning ndi anzawo anafunsa aphunzitsi 150 a sayansi ndi masamu pa yunivesite ina yaikulu ku America ngati amakhulupirira kuti nzeru n'zosasinthika, n'kuyang'ana malikisi a ophunzira awo oposa 15,000. M'makalasi a okhulupirira kuti nzeru n'zobadwa nazo, mpata wa malikisi pakati pa ophunzira a mitundu yosalidwa ndi anzawo unali waukulu kawiri. Aphunzitsiwo sankanena poyera. Zimatuluka m'tinthu ting'onoting'ono: amene wamuloza kuti ayankhe, nthawi imene wamudikira akuganiza, nkhope imene wapanga atalakwa. Kuuza mwana kuti ubongo wake ungakule, kwinaku taimutebulo, kachongedwe ndi nkhope ya mphunzitsi zikumuuza zina, ndi kumunamiza, ndipo akalephera adzati vuto ndi iyeyo, sanakhulupirire mokwanira.

Ndiloleni ndikuonetseni pamene nkhondo yeniyeni imamenyedwera. Mtsikana wina wa m'kagulu ka Loweruka analemba mizere iwiri. Woyamba unali zaka = input("Uli ndi zaka zingati? ") ndipo wachiwiri unali print(zaka + 1). Ankafuna kompyuta imuuze zaka zimene adzakhale nazo chaka chamawa. Analemba 17, nadina Enter. Panatuluka mizere yofiira, womaliza wake wakuti TypeError: can only concatenate str (not "int") to str. Anachotsa manja pa kiyibodi ngati wagwira mbaula, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina waona. Kenako anayamba kufufuta zonse. Kwa iye chofiira ndi cholembera cha aphunzitsi, ndipo kuyambira Sitandade 1 chofiira chimatanthauza kuti nkhani yatha, walakwa. Tinabweza mizere ija, n'kuwerenga uthengawo liwu ndi liwu m'Chichewa. Kompyuta ikuti: wandipatsa mawu ndi nambala kuti ndiphatikize, sindingathe. Mawu ake ati, poti ndalemba 17? Apo ndiye panali phunziro la tsikulo: chilichonse chochokera ku input chimabwera ngati mawu, ngakhale chioneke ngati nambala. Anakulunga input ija mu int, lamulo losandutsa mawu kukhala nambala, nayesanso, panatuluka 18. Chimene chinandisangalatsa si 18 uja. Atapuma pang'ono, analemba dala "khumi" m'malo mwa nambala kuti aone chimene chichitike. Inatuluka error ina, ya mtundu wina, ValueError, ndipo ulendo uno anasendera pafupi ndi sikirini kuti aiwerenge.

Amene amalemba mapulogalamu kuti adye amakumana ndi mizere yofiira imeneyi tsiku lililonse, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa kufufuza chimene chavuta. Seymour Papert, amene anakulira ku South Africa n'kukakhala mmodzi mwa opanga chilankhulo cha ana cha Logo m'zaka za m'ma 1960, ankaphunzitsa kuti ubwino wa mapulogalamu kwa mwana ndi womwewu: pulogalamu siyenda ulendo woyamba, ndiye mwana amazolowera kufunsa pamene pavuta m'malo modzifunsa ngati ali wanzeru. Palibe phunziro lina pa sekondale limene limayankha mwana pompopompo, mosatopa, mosamunyoza. Ife tatenga phunziro lotere n'kulisandutsa la kuloweza matanthauzo a hardware ndi software.

Inu a MANEB, mphamvu yanu ndi yaikulu kuposa ya wina aliyense pa mndandandawu, chifukwa chimene mwafunsa pa MSCE ndi chimene ife tiphunzitse, zina zonse n'zokamba chabe. Ikani mafunso amene amapatsa wophunzira pulogalamu yolakwika pamodzi ndi uthenga wa error, iye apeze povuta, afotokoze chifukwa chake, akonze. Ikani ena omufunsa kuti pulogalamu iyi ikayenda itulutsa chiyani. Perekani malikisi pa njira imene watsata, ngakhale yankho lomaliza laphonya. Mafunso otere safuna magetsi, amalembedwa papepala, ndipo sangalowezedwe. Mukawaika zaka ziwiri zotsatizana, sipadzafunika kalata yochokera ku likulu. Aphunzitsi tidzasintha tokha.

Inu a ku Domasi ndi a m'makoleji a aphunzitsi, njira zophunzitsira zilipo kale, zaulere. Sue Sentance ndi anzake ku King's College London anakonza njira yotchedwa PRIMM, imene mwana sayamba ndi tsamba lopanda kanthu. Amapatsidwa pulogalamu yoyenda kale, alosere chimene ichite, aiyendetse, afufuze chifukwa chake yachita zimenezo, asinthe pang'ono, ndipo pomaliza pake ndi pamene alembe yake. Kulosera ndi kufufuzako kumatheka pa bolodi, ana ali awiriawiri akutsutsana, kotero mphindi zochepa za pa kompyuta zija zimapita pa ntchito yeniyeni. Palinso njira ya Dale Parsons wa ku New Zealand: kudula mizere ya pulogalamu pa timapepala, kuisakaniza, ana aisanje. Ndaonapo ana amene samayankhula m'kalasi akukangana mpaka thukuta pa kamzere kamodzi kuti kakhale mkati mwa loop, gawo limene pulogalamu imabwerezabwereza, kapena kunja. Tim Bell wa ku University of Canterbury anasonkhanitsa masewera a CS Unplugged ophunzitsa mfundo za kompyuta popanda kompyuta. Scratch, yophunzitsira ana kupanga mapulogalamu, imene MIT inatulutsa mu 2007, imayenda popanda intaneti, ndipo Python imayenda ngakhale pa foni ya Android. Izi zikhale m'maphunziro a mphunzitsi asanatuluke ku koleji. Ndipo mphunzitsiyo alembe yekha mapulogalamu, akumane ndi ma error pamaso pa anzake, aphunzire kunena kwa ana kuti "apa sindikudziwa, tiyeni tifufuze." Mphunzitsi woopa chofiira amaphunzitsa mantha ake.

Muwauzenso poyera kuti kufotokoza m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao si mlandu. Mawu onga concatenate sapezeka m'Chingerezi cha pa JCE. Ana ambiri amene timati alibe mutu wa kompyuta agwa pa Chingerezi cha uthenga wa error, osati pa kuganiza kwake.

Kwa a mayunivesite ndili ndi mawu ochepa koma owawa. Mwambo woopseza a chaka choyamba kuti theka la inu simufika chaka chachiwiri si chizindikiro cha maphunziro apamwamba. M'kalasi imodzi mumakhala mwana wochokera ku sukulu ya private amene wakhala ndi laputopu kuyambira ali wamng'ono, ndi wina wochokera ku CDSS amene akugwira mouse koyamba. Koleji ya Harvey Mudd ku California inaona vuto lomweli cha m'ma 2006. Inagawa kalasi yoyamba ya kompyuta pawiri, odziwa kale paokha, oyamba kumene paokha, onse n'kukafika pa mlingo umodzi pomaliza, kuti odziwa kale asamatseke pakamwa anzawo. Inasinthanso zochita kuti zikhale za mavuto enieni. M'zaka zochepa, pakati pa osankha digiri ya kompyuta, atsikana anachoka pa 10 peresenti kufika pafupifupi 40. Ubongo wa atsikana a ku California sunasinthe m'zaka zinayi. Ku America komweko akazi ankatenga pafupifupi 37 peresenti ya madigiri a kompyuta mu 1984, chiwerengero n'kudzatsika kufika pansi pa 20, nthawi imene makompyuta a m'nyumba ankagulidwira anyamata. Ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA ndi ku Mzuni mungathe kufunsa funso limodzi tsiku loyamba, lakuti ndani analembapo pulogalamu, n'kudzayerekeza ndi malikisi a semesita. Muone ngati mukuyeza nzeru kapena kumene munthu wachokera.

Sindingatseke nkhani ya ubongo osanena za m'mimba. Ubongo ndi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake, ndipo zimene waphunzira masana umazikhazikitsa usiku munthu akagona. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno anali opinimbira. Ana amenewo ndi amene akulowa sekondale tsopano. Wina wayenda mtunda wautali wosadya kanthu, ndipo piriyodi ya kompyuta mwaiika cha kumasana. Growth mindset si phala. Aliyense wokuuzani kuti maganizo abwino okha akwanira, ameneyo wadya kale.

Ndikumva ena akuti zonsezi n'zakale, masiku ano ChatGPT ikulemba mapulogalamu. Ikulembadi, ndipo achinyamata anga amaigwiritsa ntchito akapeza bandulo. Koma ikalakwitsa, ndipo imalakwitsa, wofunika ndi munthu wodziwa kuwerenga pulogalamu ndi kupeza povuta, luso lomwe lija la mtsikana wa TypeError. Ndipo ntchito zake si za kunja kokha. Makompyuta ongodina pa sikirini olembera odwala, amene a Baobab Health anayambitsa pa Kamuzu Central Hospital kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 n'kufalikira m'zipatala zambiri, mapulogalamu ake ankalembedwa ndi kukonzedwa konkuno, ndi Amalawi. Ntchito ya boma ya BEFIT ikuika matabuleti m'manja mwa ana a pulayimale. Ana amenewo adzafika Fomu 1 zala zitazolowera sikirini, ndipo adzatipeza ife tikuwalembetsa manotsi a mbali za kompyuta.

Olemekezeka a Nduna, pempho langa kwa inu silifuna ndalama za mabungwe akunja. Lamulani kuti pa sukulu iliyonse imene ili ndi makompyuta oyaka, labu izitsegulidwa masana maphunziro akatha, sabata iliyonse ya teremu, ndipo pakhale kaundula wolemba dzina la mwana aliyense amene wakhala pampando ndi nthawi imene wakhalapo. Mphunzitsi wotsalira masanawo aganiziridwe pa kagawidwe ka mapiriyodi. Mahedimasitala auzidwe kuti kiyibodi yothyoka chifukwa chogwiritsidwa ntchito si mlandu woti alembere lipoti mwamantha, pakuti ambiri amakhoma labu poopa kufunsidwa. Ana azikhala awiriawiri pa kompyuta, wina akulemba wina akuwongolera, n'kumasinthana belu la mphindi 10 likalira, mosayang'ana kuti wachangu ndani. Ndipo oyendera sukulu akabwera, asamangowerenga makompyuta ndi kusaina ma scheme of work. Afike osanena, alowe m'kalasi ya Fomu 3, asankhe okha mtsikana wokhala kumbuyo kwenikweni, amukhazike pampando, amupatse pulogalamu ya mizere isanu yokhala ndi cholakwika chimodzi, ndipo alembe mu lipoti lawo chimene achite mizere yofiira ikatuluka.

Ine wanu pa ntchito ya maphunziro,

Mphunzitsi wa Computer Studies, sukulu ya sekondale yoyendera